Sikwadironi 3086 ya ku Mlonyeni

Sindinakwerepo ndege. Ndiyambe ndanena zimenezi kuti wowerenga asandipatse ulemu umene si wanga. Ngakhale pamwamba pa chigafa cha fodya cha bambo anga, kwathu ku Mlonyeni, ndinkaopa kukwerapo, moti abale anga akamapachika fodya ine ndinkatsala pansi n'kumawapatsira. Koma munthu yemweyu, imvi zitayamba kale kutuluka, ndinakhala mkulu wa gulu la ndege za nkhondo. Gululo linali ndi ndege imodzi, yotalika ngati chikhatho changa, ndipo bwalo lake linali pamwamba pa kabati.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa boda ya Mchinji, mu kaofesi ka maejenti, ife amene timathandiza madalaivala a mathiraki kukonza mapepala kuti katundu wawo adutse ku kasitomu. Ntchito imeneyi imaphunzitsa munthu kuopa nambala. Nambala ya katundu wako ikangofanana ndi ya wina, thiraki imagona pa boda, dalaivala n'kumakutukwana m'zilankhulo zitatu.

Dalaivala wina amene ndinkamuthandiza kawirikawiri, munthu wamkulu thupi komanso woseka mokweza, anafika tsiku lina ndi kabokosi kofwifwa n'kukaika patebulo langa. Pamwamba pake panali chithunzi cha ndege yakale ya nkhondo, ya chopukusa mphepo kutsogolo.

"Ndinagulira mwana ku Joni," anatero. "Ndimayesa ndege ili m'katimo yathunthu. Titatsegula tapeza tizidutswa tokhatokha, ngati minga ya nsomba. Mwana walira mpaka kugona. Achimwene, inu mumakonda zinthu zovuta, tengani."

Ndinkafuna kukana, koma maso anali atalowa kale m'bokosimo. Tili ana tinkapanga ndege za mapesi n'kumathamanga nazo m'mizere ya chimanga, pakamwa pakulira injini. Ndinaona kuti mwana uja sanafe mwa ine, anangobisala kuseri kwa tayi.

Ndegeyo ndinkaimanga Lamlungu masana, tikabwerako kutchalitchi, patebulo lodyera. Guluu amene ndinagula pa golosale anali wamphamvu kuposa nzeru zanga, moti kangapo konse ndinamata chala changa ku phiko. Penti ndinagwiritsa ntchito yotsala pamawindo, yobiriwira, ndi ina yotuwa imene ndinapempha kwa wowotcherera zitseko. Itauma, ndegeyo inkaoneka bwino ndithu, makamaka ukaiyang'ana uli pakhomo magalasi utavula.

Vuto linali limodzi. M'bokosimo munali kapepala ka zomata, zizindikiro ndi manambala oika pa ndegeyo, koma mvula inalowa m'thiraki muja n'kukasandutsa phala. Ndege yanga inali yopanda dziko, yopanda nambala, ngati ng'ombe yosochera.

Pofufuza pa foni kuti ndingatani, ndinagwera m'gulu la anthu a m'mayiko osiyanasiyana okonda kumanga tindege totere. Ambiri anali madala ngati ine, ndipo zimenezi zinandilimbitsa mtima kuti ngati ndi misala, tilipo ambiri. Pakati pawo panali ena amene ankamanga ndege zongopeka: ankatenga ndege yeniyeni n'kuipaka mitundu ya dziko limene silinakhalepo nayo, kapenanso la dziko loti kulibe n'komwe. Kumeneko n'kumene ndinaphunzira mawu akuti sikwadironi, kutanthauza gulu la ndege za nkhondo lokhala ndi nambala yakeyake. Ndipo anthuwa anali ndi mwambo wawo. Ndege yopeka suipatsa nambala ya sikwadironi yeniyeni. Mkulu wina wa ku Ulaya, amene ankayankha aliyense m'gulumo ngati sagona, anafotokoza kuti pansi pa manambala enieniwo panafa anthu enieni, choncho si bwino kuseweretsa. Umasankha nambala imene sinagwiritsidwepo ntchito.

Mawu amenewa anandilowa mpaka m'mafupa. Munthu wa ntchito yanga kumuuza kuti nambala isafanane ndi ya wina, kuli ngati kuuza mlaliki kuti anenepo mawu pang'ono.

Dziko ndinalipeka msanga. Linali dziko laling'ono, malire ake oyambira kudambo la kwathu kukafika kuchitsime cha sukulu, likulu lake ku Mlonyeni. Chizindikiro chake ndinajambula tsamba la fodya m'kati mwa bwalo loyera. Zonsezi zinatha masana amodzi. Chinatsala ndi nambala basi, ndipo ndinkaganiza kuti imeneyo ndiipeza ndisanamalize kumwa tiyi.

Ndinayamba ndi 7. Ndinalemba m'gulu muja, ndi Chingerezi changa cha pa boda, kufunsa ngati 7 ili ndi mwini. Mkulu wa ku Ulaya uja anayankha mwaulemu kuti mayiko ambirimbiri ali ndi sikwadironi ya nambala imeneyo. Ndinayesa 14, anati chimodzimodzi. Ndinakwera kufika pa 61, ndikuganiza kuti ndafika kutchire kosapita anthu, koma kumenekonso ndinapeza ena atalima kale. Pa yankho lililonse ankawonjezera kachiganizo kena kumapeto, kamene ine sindinkakawerenga bwinobwino chifukwa chokhumudwa.

Kunyumba nako kunali mlandu wina. Amayi akunyumba ndi a kwaya, ndipo nyimbo za m'buku la kutchalitchi amazidziwa ndi manambala ake ngati ana awo. Ndikangotchula nambala ndili patebulo, iwo ali kukhitchini ankayamba kuimba nyimbo ya nambala imeneyo.

"Imeneyo ayi, abambo," ankatero akamaliza ndime yoyamba. "Ndi ya pamaliro. Mukufuna ndege yanu igwe?"

Ndikatchula ina, ankati ndi ya Mgonero, siyoyenera pa chida cha nkhondo. Tsiku lina atatopa nane anabwera n'kuima pambali panga, manja ali m'chiuno.

"Ndifunse nawo. Dzikoli lilipo?"

"Kulibe."

"Asilikali akewo alipo?"

"Kulibe, amayi. N'zopeka."

"Ndiye dziko labodza, asilikali abodza, koma nambala yokha mukufuna yoona?"

Ndinawauza kuti nkhani za usilikali n'zovuta kuzimvetsa munthu wamba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasilipasi anga, n'kubwerera kukhitchini akuimba.

Matendawa anakula. Kuntchito ndinkawerenga manambala a kumbuyo kwa mathiraki, a pa makontena, ngakhale a pa zitseko za zimbudzi zolipira, ndikudzifunsa ngati pali ndege inaulukapo nawo. Ndinalakwitsa kufotokozera mnzanga wa mu ofesi kuti ndikufuna nambala imene munthu sanaigwiritsepo ntchito. Pa boda nkhani siyenda wapansi. Pofika Lachisanu, anyamata osintha ndalama anali atamva kuti ndili ndi njira yopezera manambala a mwayi, ndipo awiri ananditsata mpaka pogulitsira chipisi kundipempha kuti ndiwagawireko ya kubetcha mpira. Nditakana anati ndine womana.

Koma nkhani imene inafika kumudzi inali yoipa kuposa pamenepo. Taganizani nokha. Bambo wamkulu, wa ndevu zake, ali ndi kandege kakang'ono m'nyumba. Salola mwana aliyense kukagwira. Amakhala nako yekha n'kumang'ung'udza manambala, ndipo akufunafuna nambala yoti munthu wina aliyense alibe. Kwathu kuno ndege yaing'ono yosungidwa m'nyumba ili ndi dzina limodzi lokha, ndipo okwera ake sadutsa pa boda ndi pasipoti.

Ndinazindikira kuti zinthu zavuta pamene mayi wina woyandikana nafe anasiya kudzapala moto kwathu. Kenako Loweruka lina masana kunabwera a mkulu wa mpingo a dera lathu, bambo wofatsa, mlimi wa fodya, amene anandidziwa ndili mwana. Anakhala pampando, nalandira tiyi, nayamba ndi mvula, mitengo ya feteleza, ndi matenda a nkhuku. Amayi akunyumba anakhala pamkeka chapakhomo, nkhope ili pansi, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka.

"Mwana wanga," anatero pomaliza, "anthu akuyankhula. Ine sindikhulupirira za m'maluwa, n'chifukwa chake ndabwera ndekha. Akuti muli ndi ndege."

"Ndili nayo, abambo."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Ndikuganiza kuti ankayembekezera kuti ndikana.

Ndinakaitenga pakabati n'kuwaikira patebulo. Anaiyang'ana nthawi yaitali osaikhudza. Ndinawaonetsa bokosi lake, ndi tizidutswa totsala, ndi chala changa chimene chinali chisanapole ndi guluu. Ndinafotokoza za dalaivala uja, za gulu la pa foni, ndi za mwambo wa manambala.

"Ndiye nambala yachinsinsiyo ndi yotani?"

"Si yachinsinsi, abambo. Ndi yoti ilibe mwini."

"Mwaipeza?"

"Ayi."

"Chiyambire?"

"Chiyambire."

Anapumira m'mwamba. Ndinaona kuti mantha awachoka, m'malo mwake mwalowa chisoni. Mfiti akanadziwa chochita nayo, koma munthu ngati ine analibe naye pemphero lokonzeratu. Anainyamula kuti aione kumimba, ndipo gudumu limodzi linathothoka n'kugwera m'sosala. Anadzidzimuka ngati aphwanya dzira la eni. Ndinathira guluu msangamsanga n'kuwapempha kuti agwirizire gudumulo mpaka liume. Anakhala choncho, zala ziwiri zili pagudumu, akuopa ngakhale kutsokomola, mpaka tiyi wawo anazizira. Potsanzika anandiuza kuti mawa lake akauza anthu kuti kandegeko ngakhale kuima pa miyendo yake sikatha, ndiye za kuuluka aiwale. Anachitadi zimenezo, ndipo mbiri yanga inatsika kuchoka pa mfiti kufika pa chitsiru. Ndinalandira ndi manja awiri.

Pambuyo pake ndinaganiza zothawira kutali kwenikweni, kumene nyimbo za m'buku sizifika, ndiponso kumene ndinkakhulupirira kuti palibe dziko lingakhale ndi ndege zochuluka chotero. Ndinasiya manambala a malembo awiri ndi atatu, n'kulumphira ku anayi. Ndinasankha 3086, popanda chifukwa china koma kuti inkamveka ngati ya munthu wodziwa chimene akuchita. Mkulu wa ku Ulaya uja anati wafufuza m'mabuku ake ndipo sanaipezemo. Kenako analembanso kachiganizo kake kaja, ulendo uno m'zilembo zikuluzikulu, ndipo ndinakawerenga. Ankati nambala imangofunika kukhala yopanda mwini m'dziko limene ndegeyo ikuimira basi, osati padziko lonse lapansi. Popeza dziko langa linali lopeka, nambala iliyonse inali yanga kuyambira tsiku loyamba, ngakhale 7 yemwe uja.

Ndinazimitsa foni. Sindinawauze amayi akunyumba kuti mzungu wagwirizana nawo. Akuzimva lero ngati akuwerenga.

Komabe nditavutika chonchi sindikanabwerera ku 7. Ndinatsala ndi ntchito yolemba malembo anayi pa mchira waukulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Burashi inali yonenepa. Ndinayesa nthenga ya nkhuku, ndinayesa kamtengo ka machesi kosongola, ndipo pomaliza ndinabwereka singano. Ndinayamba ndi 3 wamkulu bwino, wonyada. 0 anatsatira. Pofika pa 8 malo anali akutha, ndipo 6 ndinachita kumukankhira pakona, atapinda miyendo ngati munthu womaliza kukwera minibasi. Kwa ine, amene ndinkadziwa chimene ndalemba, zinkawerengeka bwinobwino.

M'gulu la pa foni lija munali munthu mmodzi yekha wapafupi, bambo wina wa ku Chipata amene anapuma ntchito ya uphunzitsi. Ataona chithunzi cha ndege yanga anandiitana kuti ndikamuchezere, tikaonetsane ntchito za manja athu. Ndinavomera, koma nthawi yomweyo ndinakumbukira za pa boda. Kuwoloka malire a dziko ndi ndege ya nkhondo, ngakhale ya pulasitiki! Ine amene ndaona anthu akutsitsidwa katundu pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo! Ndinakonzeratu mawu okanena akandifunsa, ndipo ndinkawayeserera ndikumeta ndevu.

Tsikulo ndinavala jekete. Ndegeyo ndinaigoneka m'bokosi la nsapato, pa thonje, ngati wodwala. Anzanga a mbali ya kwathu anangondiseka n'kundiuza kuti ndiwulutse bwino. Mbali ya Zambia ndinapeza mayi wa yunifolomu, wachitsikana ndithu, amene sindinkamudziwa. Analoza bokosilo.

"Muli chani umo, atate?"

Ndinatsegula, ndipo asanafunse china ndinayamba ulaliki wanga. Ndinati ndegeyi si ya asilikali a Malawi, si ya asilikali a Zambia, ndipo chizindikirocho ndi tsamba la fodya chabe. Ndinati nambala imene akuionayo yafufuzidwa mpaka ku Ulaya ndipo ilibe mwini, choncho palibe boma limene lingadandaule. Anthu a pamzere kumbuyo kwanga anayamba kusuzumira. Mayiyo anandidikira mpaka mpweya unandithera.

"Imauluka?"

"Ayi."

"Ili na batire?"

"Ilibe."

"Manje imachita chani?"

"Imangokhala."

"Monga amuna anga," anatero, n'kutseka bokosilo. "Pitani, atate."

Nambala sanaiyang'ane n'komwe. Ndinakwera takisi ya ku Chipata bokosi lili pamiyendo, ndikumva ngati munthu amene wanola nkhwangwa mwezi wathunthu n'kupeza mtengo utagwa wokha.

Mphunzitsi uja anandichingamira pa siteji. Anali wamfupi, wadazi, woyenda mwachangu, ndipo anandigwira dzanja ngati tinakulira limodzi. "Aneba, mwafika!" anatero. Kunyumba kwake anandilowetsa m'chipinda chimene kale chinali cha ana ake. Ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Ndege zinali lendelende kudenga pa ulusi wa mbedza, zina pamashelefu, zina pawindo, zazikulu ndi zazing'ono. Mphepo ikalowa zonse zinkatembenuka pang'onopang'ono. Akazi ake anasuzumira n'kundipatsa moni wa chifundo, umene ndinauzindikira msanga chifukwa ndinkaumva kwathu.

Ndinatulutsa yanga m'bokosi muja. Anaitenga mosamala, navala magalasi, naitembenuza uku ndi uku. Anayamikira mapiko kuti ndawalunjika bwino. Tsamba la fodya linamuseketsa mpaka anakhala pansi. Kenako anafika pamchira.

"Oo, 308! Mwasankha yabwino. Iyi inaliko zoona, ndinaionapo pa bokosi lina."

"Ndi 3086," ndinatero.

Anayandikitsa kumaso. Anapita nayo pawindo. "Sikisi ili kuti?"

Ndinamulozera.

"Aa, pepani aneba. Ine ndimayesa ntchentche inakhalapo penti asanaume."

Ndinakhala pampando umene unali pafupi osauona n'komwe. Miyezi yonse ija, nyimbo zonse zija, anyamata a kubetcha, a mkulu wa mpingo ndi gudumu lawo, zonsezo kuti dzanja langa lomwe lindibwezere pa nambala ya eni ake. Ndinamufotokozera nkhani yonse kuyambira pa 7. Ankamvetsera akupukuta misozi, ndipo pena ankandiimitsa kuti akaitane akazi ake adzamve nawo.

Nditamaliza ndinamufunsa kuti iye manambala a ndege zake zopeka amawasankha bwanji. Anandilozera zitatu zimene zinali pafupi ndi chitseko. Zonse zinali ndi nambala imodzi, 12.

"Ni nambala ya nyumba ino," anatero. "Zikasowa, wotola azidziwa kobweza."

Tinadya nkhuku, tinacheza mpaka dzuwa linapendeka. Anandiphunzitsa kusungunula penti kuti asamachite mabampu, ndiponso kudula manambala m'makalendala akale m'malo molimbana ndi singano. Anandiuza kuti chiyambire kumanga ndege, ine ndinali munthu woyamba kulowa m'chipindamo amene sanafunse kuti zimenezi phindu lake n'chiyani. Ananena akuseka, koma ndinaona kuti sizinali zoseka zokhazokha. Nanenso ndinali ndisanakhalepo ndi munthu womuonetsa phiko n'kuona kuti ndalilunjika.

Nditaimirira kuti ndizipita, analoza malo ena kudenga, pakati pa ndege ziwiri zazikulu, pamene panali ulusi wopanda kanthu.

"Isiyeni kuno ikhaleko na anzake. Kwanu ili yokha pakabati."

Ndinkafuna kukana. Koma ndinaganiza za takisi yodzaza ija, ndi gudumu lomatidwa kawiri, ndiponso ndinaona mmene inkaonekera bwino m'manja mwake. Anakwera pampando yekha, ine nditaugwirizira pansi, n'kuimangirira. Inazungulira kamodzi n'kuima mphuno italoza kumadzulo, mbali yosiyana ndi kwathu. M'malo mwake anandipatsa bokosi lina losatsegula, la ndege ya mapiko awiri osanjikizana, limene anati maso ake sangalithenso.

Ndinafika kunyumba dzuwa litangolowa. Amayi akunyumba anali pakhonde akusankha nyemba. Anayang'ana bokosi la nsapato lija, nalitsegula, napeza thonje lokhalokha.

"Ndege ili kuti?"

"Yatsala ku Chipata."

"Alanda a kasitomu?"

"Ayi. Ndaisiya ndekha, kwa mnzanga uja."

Anatseka bokosilo n'kubwerera ku nyemba zawo.

"Ndiye kuti asilikali anu, ulendo woyamba womwewu, athawira ku Zambia?"

Ndinati ndi nkhani ya ubale wa mayiko. Anaseka mpaka nyemba zinatayikira pansi, ndipo tinatola limodzi.

Masiku ano ndimapita ku Chipata mwezi ukatha kapena iwiri, ndipo iyenso anabwerapo kwathu kudzadya chimanga chachiwisi. Ndege ya mapiko awiri ija inanditengera nyengo yonse ya dzinja, chifukwa ili ndi tizingwe tambirimbiri pakati pa mapikowo, ndipo theka la tizingweto ndinatimangirira molakwika. Mnzangayo ataiona anati ndisadandaule, woyendetsa wake akhale wopemphera basi.